Tiwakometsere Ana Athu Kuwerenga

Tiyeni tiyambire pa khonde la nyumba ina iriyonse kuno ku Mpingwe, dzuwa litapendeka. Mwana wa Sitandade 4 wabwerako kusukulu, wadya, ndipo wathamangira kumene anzake akumenya mpira wa chikulunga. Amai ake atulukira pakhomo naitana: “Iwe, basi kusewera! Kawerenge!” Taonani nkhope ya mwanayo. Yagwa ngati ya munthu amene wamwetsedwa kwinini. Atenga kope lake, akhala pansi, maso ali pa pepala koma makutu ali kumpira. Amai aja mtima wao wakhala pansi, akuti mwana akuwerenga.

Liu limeneli lakuti kuwerenga limasenza akatundu atatu m'chinenero chathu. Timawerenga mbuzi ndi ndalama. Timawerenga kalata yochokera kwa mbale ali ku Joni. Ndiponso timati mwana akuwerenga pamene akuloweza za m'kope pokonzekera mayeso. Tsono m'nyumba zathu zambiri katundu wachitatuyu wameza wachiwiri uja. Mwana akamva kuti kawerenge, samva kuti pita ukamve nkhani yokoma. Amamva kuti masewera atha, mayeso ali pafupi, ukalephera uona. Ndife tomwe tinaliika liu limeneli pamodzi ndi chikwapu, ndiye tidabwenso bwanji mwana akamalithawa?

Wina anena kuti: nanga kukoma nkwa chiyani? Sukulu si phwando. Mwana aphunzire, akhoze mayeso a Sitandade 8, asankhidwe kupita ku sekondale. Ndi mau a kholo lofunira mwana zabwino, ndipo sindikuwanyoza. Komatu tiyeni tione bwino mmene luso la kuwerenga limakulira m'mutu mwa mwana, pakuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chichewa nchofatsa kwa mwana wongoyamba kumene, chifukwa chimalembedwa monga momwe chimanenedwera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, nadziwanso kuphatikiza malembo, khomo latseguka. Akuluakulu ambiri mukukumbukira buku lija la Sosa limene munayambira. Dzinalo linasankhidwa mwanzeru, pakuti kusosa ndiko kuyamba kwa ntchito ya kumunda. Koma palibe munthu amene anadyapo nsima chifukwa chakuti anasosa. Mwana amene wangodziwa maphatikizo amawerenga chokwawa: a-na-ka-gu-la. Nzeru zake zonse zathera pa kulumikiza malembo. Mutu wa munthu umasunga zinthu zowerengeka zokha pa nthawi imodzi, ndiponso kwa kanthawi kochepa. Motero mwanayo akamafika kumapeto kwa chiganizo, chiyambi chake waiwala kale. Watchula liu liri lonse molondola, koma mukamufunsa kuti nkhani yati chiyani, angokuyang'anani. Sikuti ngopusa. Wasenza katundu amene khosi lake lisanamuzolowere.

Mankhwala ake ndi amodzi okha: kuwerenga kawirikawiri, mpaka maso azolowere kuzindikira liu lonse lathunthu mwa kuphethira kumodzi. Chiri ngati mtsikana wophunzira kusenza ndowa. Masiku oyamba manja onse awiri ali pa ndowa, madzi akutayikira kumsana, sangathe ngakhale kuyankha moni. Pakapita miyezi ayenda akucheza ndi anzake, manja ali pansi. Mwana amene kuwerenga kwamufewera chomwecho ndiye amakhala ndi mpata woganizira zimene akuwerenga. Tsono funso ndi ili: kodi mwana wa zaka 8 angachite kawirikawiri chinthu chimene amadana nacho? Mungamukakamize kwa mphindi zochepa inu muli chiriri pamenepo. Mukangotembenuka, buku latsekedwa. Chimene mwana amabwerezabwereza popanda womuyang'anira ndi chokhacho chimene chimamukomera.

Katswiri wina wa za maphunziro, Keith Stanovich, analongosola zimenezi mu 1986, ndipo anazitcha dzina la Mateyo Woyera potengera fanizo lija la matalente. Anaona kuti mwana amene wayamba bwino amakonda kuwerenga, pokonda amawerenga zambiri, powerenga zambiri amadziwa mau ambiri, ndipo buku lotsatira limamupepukira. Mnzake amene anapunthwa poyamba amalizemba buku, polizemba satola mau atsopano, ndipo chaka ndi chaka mpata pakati pa awiriwa umakulirakulira. Ku Britain, ofufuza amene akhala akutsatira moyo wa anthu obadwa mu 1970 anaulutsa mu 2013 kuti aja amene ankawerenga mwa kufuna kwao ali ana anapambana anzao pa kudziwa mau ndi pa kalembedwe, ndiponso, chodabwitsa, ngakhale pa masamu. Mukaganiza bwino sichodabwitsa kwenikweni. Funso la samu nalonso liyenera kuwerengedwa lisanayankhidwe.

Nanga sukulu siingatichitire zonsezi? Tiyeni tinene zoona. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana anakhamukira m'makalasi: chiwerengero chao chinachoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, pakuti mwana wa mmphawi analowa pa khomo limene kale linali lotseka. Koma zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Kafukufuku wa m'dziko lonse amene anachitika mu 2010 anapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liu limodzi la nkhani ya m'Chichewa. Pofuna kukonza zimenezi, mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Aphunzitsi athu akuyesetsa. Koma si chachilendo mu mzinda uno kupeza ana 100 m'kalasi imodzi. Tiyerekeze kuti phunziro ndi la mphindi 30, ndipo mphunzitsi wafuna kumva mwana aliyense akuwerenga payekha. Aliyense apata masekondi 18. Kodi ndowa ija ingazolowereke pa masekondi 18?

Tsono yerekezani ndi kunyumba. Mphindi 15 zokha tsiku liri lonse, pa chaka zimakwana maola 91. Ndiponso sukulu imatsekedwa, nyumba siitsekedwa. Mu 2020 ana anakhala pakhomo kuyambira mwezi wa Marichi mpaka Seputembala ndi Okutobala chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi nyumba ku Chilobwe ndi kwina, makalasi ambiri anasanduka pogona pa anthu osowa pokhala. M'masiku ngati amenewo, mwana amene amawerenga pokhapokha mphunzitsi ataima kutsogolo amabwerera m'mbuyo. Amene ali ndi buku lake lapamtima amapitirira yekha.

Tingachite chiyani tsono? Sitifunika kubwereka nzeru kutali, pakuti makolo athu anali akatswiri pa ntchito imeneyi ngakhale analibe pepala. Madzulo, moto ukunyeka, agogo ankangoti “Padangokhala,” ndipo ana onse ankavomera “Tiri tonse.” Kodi munamvapo kuti mwana anakwapulidwa kuti abwere kudzamva nthano ya Kalulu ndi Fisi? Ankabwera yekha, ngakhale tulo tiri m'maso. Agogo sankaimitsa nthano pakati kuti afunse mayeso. Ankasintha mau, apa a njobvu, apo a kamba. Ankaimbitsa ana nyimbo ya m'nthanomo. Ankadziwa pochedwa ndi pofulumira. Ndipo mwanayo, osadziwa, ankatola mau, miyambi ndi nzeru. Masiku ano m'tauni agogo ambiri anatsala kumudzi, ndipo malo ao atenga ndi kanema. Ana a ku Bangwe ndi ku Ndirande amasunga tindalama ta chiwaya kuti akalowe m'tinyumba ta vidiyo. Tisafulumire kuwakalipira. Akutiuza chinthu chofunika: njala ya nkhani ikadalipo, ndipo mwana ngokonzeka kugona ndi njala ya m'mimba kuti aiphe. Ntchito yathu ndi kumuonetsa kuti m'buku mulinso nkhani.

Chiyambi chake ndi kumuwerengera mokweza. Osati iye kuwerengera inu kuti mumuyese, ai, koma inu kuwerengera iye, monga mmene agogo ankachitira. Mkhazikeni pambali panu kuti aone tsamba, chala chanu chikuyenda pansi pa mau. Sinthani liu pamene akulankhula mfumu ndi pamene akulankhula mwana wamasiye. Musachite manyazi, ulemu wa bambo sutha chifukwa walira ngati fisi pamaso pa ana ake. Ndipo pali kachenjerero kamodzi kamene ndikufuna mukakayese. Mukafika pokoma penipeni, pamene ng'ona yatsegula kukamwa, tsekani buku munene kuti zotsala mawa. Lisiyeni poonekera, pamene dzanja la mwana lingafike. Tsiku lina mudzampeza kuseri kwa nyumba akulimbana ndi tsamba lotsatira, chifukwa mawa lamutalikira. Tsiku limenelo musanene kanthu. Mungodutsa.

Musaleke kumuwerengera chifukwa chakuti wayamba kuwerenga yekha. Makutu a mwana amatsogola, maso amatsatira pambuyo. Mwana wa Sitandade 3 amene payekha angathe tinkhani ta mizere isanu, ndi makutu angathe kutsata nkhani ya masamba ambiri, ndipo mau amene wawamva lero adzawazindikira mosavuta akadzakumana nawo pa pepala.

Pamene iye akuwerenga, dekhani. Ambiri a ife timalumphira cholakwa chiri chonse ngati mphaka pa khoswe. Mwana wakakamira pa liu, ife tayamba kale: “Chaka chonsechi ukuphunzira chiyani?” Akulu ake akuseka. Mwana wotere amaphunzira chinthu chimodzi, chakuti buku ndi malo ochitirapo manyazi. Mpatseni kanthawi ayese. Akalephera muuzeni liulo mwakachetechete, nkhani ipitirire. Akafuna buku lomwelo kakhumi, mlekeni, pakuti kubwereza ndiko kumafewetsa. Akasankha buku la zithunzi limene inu mukuliona lachibwana, mlekeninso. Ndipo za kumulonjeza maswiti kapena ndalama pa buku liri lonse, ine sindizikonda. Mwana amachenjera msanga: adzasankha mabuku opyapyala, adzathamanga osamva kanthu, ndipo tsiku limene maswiti adzatha, kuwerenga kudzathera pomwepo. Koma mukaona kuti mwana akuyesetsa ndithu koma sizikutheka, akutsinzinira maso, akuyandikiza buku pamphuno, kapena akusokoneza malembo chaka ndi chaka, kambiranani ndi mphunzitsi wake ndipo mukampimitse maso ndi makutu kuchipatala. Ana ena amatchedwa aulesi pamene vuto lao nlakuti bolodi saliona.

Pali nkhani ina imene imatikhudza makamaka ife a m'tauni. Makolo ambiri safuna kuona buku la Chichewa m'manja mwa mwana. Amati limuchedwetsa, aphunzire Chingerezi. Inde, Chingerezi nchofunika, mayeso ambiri ali m'Chingerezi, ndipo palibe akutsutsa. Koma luso la kuwerenga munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amaliphunzira msanga m'chinenero chimene amalotera. Mwana amene wapatsidwa buku la chinenero chimene sakuchimva akumenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi, ya malembo ndi ya tanthauzo, ndipo palibe chomuseketsa kapena chomuchititsa mantha m'nkhanimo chifukwa siikumufika pamtima. Msiyeni ayambe waseka ndi buku la Chichewa. Akazolowera kuti pepala limalankhula, adzawoloka nalo luso lomwelo kupita ku Chingerezi.

Nanga mabukuwo tiwapeza kuti, pamene ndalama ya ufa yomwe ikuvuta? Funso limeneli nloona. Komabe ife a ku Mpingwe tisadzione ngati amphawi pa nkhani ya mabuku, pakuti tiri pafupi ndi chitsime chakale. Kuno ku Limbe, a Montfort Press anayamba kusindikiza magazini ya Moni mu 1964, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 a Popular Publications anatulutsa mabuku ambiri a alembi a dziko lino. Chinenero chathu chiri ndi nkhokwe yake. Samuel Josia Nthara analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933. John Gwengwe anatisiyira Sikusinja ndi Gwenembe, E. J. Chadza, Kokha Mcheperawakalulu. Willie Zingani, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Jolly Max Ntaba, Ikakuona Litsiro Sikata. Ena mwa amenewa ngoyenera ana okulirapo, a Sitandade 7 ndi 8, ndipo kholo liyambe lawawerenga lokha lisanapereke. Ena ngovuta kuwapeza m'masitolo. Koma fufuzani m'masutikesi akale ndi pamwamba pa makabati. Mudzadabwa kuti ndi angati akugona m'nyumba zathu, akudyedwa ndi njenjete.

Kulinso laibulale. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, liri ndi nthambi mu Blantyre, ndipo linasindikizapo timabuku ta ana totchedwa Werengani. Ulendo umodzi wa minibasi pa tsiku la tchuthi, kholo ndi mwana, ungakhale chinthu chimene mwanayo sadzaiwala. M'misewu ya Limbe ndi Blantyre mumapezeka ogulitsa mabuku akale pamtengo wonenerera. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala asathere kukulunga mandasi ana asanawaone. Ndipo amene muli ndi foni ya intaneti, dziwani kuti a African Storybook, ntchito imene inayambira ku South Africa, anaika nkhani za ana zaulere m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Foni yomwe ija imene imatilanda ana ingathe kutibwezeranso, malinga mkulu akhale pambali.

Pofuna kuona chimene kabuku kamodzi kangachite, kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itasautsa, makolo ake analephera kumulipirira fizi ya sekondale, ndipo anakhala pakhomo. Palibe mayeso amene ankamudikira. Koma ankapita yekha ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya kwao, ndipo kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chake chinali choperewera, motero ankatsata zithunzi. Ndi zitsulo zotola ndi njinga yakale ya bambo ake anamanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba mwao, iye ali ndi zaka 14. Mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009. Sindikunena kuti mwana aliyense wowerenga adzamanga makina. Ambiri adzangokhala anthu odziwa kumva kalata ya kuchipatala ndi pangano la ngongole asanasaine, ndipo chimenecho si chaching'ono. Chimene ndikufuna muone nchakuti chitseko cha kalaibulale kaja chinali chotsegula, ndipo wina analola mnyamata wosiya sukulu kugwira mabuku.

Makolo amene simunapite patali ndi sukulu, musadzichotse pa nkhani imeneyi. Mwana amafuna womumvera koposa womukonza. Muuzeni kuti maso anu atopa, akuwerengereni pamene mukusankha nyemba kapena mukukupiza mbaula. Funsani monga munthu wofuna kudziwa: ndiye zinatha bwanji? Mwana amene waona kuti agogo ake akudikira kwa iye kuti amve mathero a nkhani amakula msinkhu tsiku lomwelo. Muthanso kumuuza nthano ya kwanu, iye nkuilemba m'kope, nkujambula zithunzi zake. Limenelo ndi buku, ndipo adzalisunga. Kwa inu odziwa kuwerenga, akulu anati make mbuu, mwana mbuu. Ngati mwana sanakuoneni ndi kale lonse mukuseka nokha ndi buku m'manja, adzakhulupirira bwanji kuti m'menemo muli chokoma? Ndiponso tiyang'ane mmene tagawira ntchito za pakhomo. Kawirikawiri mnyamata akamaliza kudya ali mfulu, pamene mlongo wake akutsuka mbale, kutunga madzi ndi kubereka khanda mpaka mdima. Mphindi 15 zija apatsidwe onse, dzuwa lisanalowe, pakuti magetsi sitingawadalire ndipo kandulo ndi ndalama.

Inu akatekisti ndi alangizi a ana, mumakumana ndi ana ambiri sabata iri yonse kuposa laibulale iri yonse ya mu mzinda uno. Ana amene mumawasonkhanitsa timawatcha a Tilitonse, mau omwe aja ovomerera nthano. Mukatha maphunziro anu, onjezani mphindi khumi za nkhani yowerengedwa mokweza, yopanda mafunso pamapeto pake. Ndipo limana liri lonse lingathe kukhala ndi katoni yake ya mabuku. Banja liri lonse libweretse buku limodzi. Mabanja 20 ndiye kuti mabuku 20, ndipo mwana amene kwao kunali buku limodzi tsopano ali ndi okwanira pafupifupi miyezi isanu, limodzi pa sabata. Pakhale kope lolembamo wobwereka ndi tsiku. Wosunga katoniyo asankhidwe munthu wokonda ana koposa wokonda dongosolo. Kawirikawiri wachinyamata wa ku sekondale amachita bwino kuposa ife akuluakulu, chifukwa ana samuopa. Mabuku akutidwe ndi mapepala olimba, ndipo nyengo ya mvula mwana apatsidwe jumbo yonyamuliramo.

Mudziwiretu kuti ena adzabwerako atang'ambika, ena ali ndi madontho a phala, ndipo limodzi kapena awiri sadzabwerako konse. Pamenepo mpamene mitima imafooka, wina nkunena kuti tiwatsekere m'kabati. Musalole. Long'ambikalo limatani ndi ulimbo kapena lisokeni ndi ulusi, libwerere m'katoni. Losowalo kalifunseni kunyumba kwa mwanayo mwaulemu, popanda kumuopseza ndi chindapusa, ndipo pobwerako mumusiyire lina.